Mtolo umene a Ndau sanaumangenso

Aphunzitsi a Gerevazio Ndau tinawaika m'manda Lachiwiri, kutatsala sabata imodzi kuti sukulu zitsegulidwe. Kunali mphepo ya fumbi, yoti nyimbo ikangotuluka pakamwa yauluzika. Anthu tinali ochepa. Munthu amene anaphunzitsa masamu pasukulu imodzi zaka zoposa makumi atatu, ndinkaganiza kuti msewu wa ku Kandeu udzaza ndi ana ake akale. Koma amene tinafika kumanda tinali a mphakati wathu, achibale angapo ochokera kutsidya kwa malire, ndi adzukulu amene anakumba mandawo. Mayi a kunyumba kwawo anatsogola kalekale. Mwana wawo mmodzi yekhayo ali ku Joni, ndipo anaimba foni kuti mapepala ake sali bwino, akatuluka sadzalowanso.

Wolalikira ananena kuti malemuwa anali munthu wofatsa. Ine ndinagwira nawo ntchito zaka zisanu ndi zinayi, makalasi athu atagundana khoma, ndipo ndikuchitira umboni pamaso pa Mulungu kuti a Ndau sanali munthu wofatsa. Anali munthu wouma mutu, wochedwetsa anzake, wosadziwa kupepesa. Ndikulemba izi chifukwa ndikuopa kuti tikapitiriza kuwadzoza mawu okoma, tiwakwirira kachiwiri.

Chimene aliyense amakumbukira ndi mitolo. Tchuthi chachikulu chikayamba, ankatsikira kudambo kukadula nsungwi. Ankakhala pakhonde pawo, pa kampando kachikopa, n'kumazing'amba timitengo totalika ngati chala chapakati. Ankatipala ndi mpeni kuti tisabaye ana, kenako n'kutimanga ndi luzi, khumikhumi. Pa tsiku lotsegulira sukulu ankafika ndi makatoni awiri pa njinga. Ana ankawatchula aMitolo. Iwo ankadziwa, ndipo sizinkawadetsa nkhawa.

M'kalasi mwawo mwana sankalemba nambala imene sanaigwire ndi manja. Akalemba 34 pa bolodi, ana ankaika pansi mitolo itatu ndi timitengo tinayi tapambali. Pophatikiza, tapambali tikakwana khumi, ankatimanga kukhala mtolo. Pochotsera, tapambali tikachepa, ankamasula mtolo umodzi. A Ndau ankakonda kunena kuti nambala imene mwana waingoimba imachoka limodzi ndi nyimboyo belu likalira, koma imene yadutsa m'zala amapita nayo kunyumba.

Ponena mawu amenewa ankatanthauza ine. Ndinafika pasukulupo kuchokera ku koleji ndili ndi mawu amphamvu ndi nsapato zonyezimira, ndipo kalasi yanga inkaimba matebulo a kuchulukitsa mpaka malata kunjenjemera. Tsiku lina a Ndau anaima pawindo langa n'kuitanira panja mwana amene ankakuwa kuposa onse.

"Sikisi taimusi folo?"

"Twente folo, aphunzitsi."

"Wakhoza. Tandisonyeza."

"Ndikusonyezeni chiyani, aphunzitsi?"

"Twente foloyo. Miyala ndi iyi yadzaza pansipa."

Mwanayo anatola miyala isanu ndi umodzi, anatolanso inayi, n'kuima pomwepo ali ndi miyala khumi m'manja. A Ndau anangondiyang'ana, n'kubwerera m'kalasi mwawo. Ndinakhala masiku atatu osawapatsa moni, ndipo sindikukhulupirira kuti anazindikira n'komwe.

Nkhondo yeniyeni inali pa kuchonga. Ife ena tinkachita chimene aliyense wokhala ndi ana ochuluka chonchija angachite: ana pamzere, kope lotsegula, diso pa yankho, wakhoza chonga, walakwa mtanda, wina abwere. A Ndau ankaphimba yankho ndi chala chachikulu n'kuyamba kuwerenga kuchokera pamwamba. Akafika pamene mwana wasiyira njira, ankaikapo kadontho kofiira. Mtanda sankalemba. Ankati mtanda uli ndi Mwini wake, si womwaza m'makope a ana.

Mayeso a teremu akatha, ankatenga mapepala a ana olephera n'kuwayala pansi milumilu, pamwamba mwala kuti asauluke. Sankawasanja potengera malikisi. Mulu uwu unali wa oiwala ziro, uwu wa osokoneza mateni ndi mawani, uwu wa amene sanamve funso, uwu wa amene anathedwa nthawi. Ankati amene agona m'chipatala ku Nzama onse amatchedwa odwala, koma dokotala wowapatsa onse mankhwala amodzi angamangidwe.

Chifukwa cha zimenezi malikisi awo ankachedwa teremu iliyonse. Ahedi athu a nthawi imeneyo, Mayi Chisale, anali munthu wabwino ndi wokonda ana, koma nawonso anali ndi owafunsa. Ndinawamva kangapo akudandaula pakhomo la kalasi.

"A Ndau, ku zoni akufuna mafomu Lachisanu. Milu yanuyi sakuifuna."

"Mukawauze kuti ndikufunafuna mwana mmodzi."

"Mwana uti?"

"Ndikanadziwa sindikanafunafuna, ahedi."

Tinkaseka, koma kumbali tinkanyinyirika, chifukwa fomu imodzi ikachedwa sukulu yonse inkatchulidwa dzina kumsonkhano. Nthawi yopuma ife tikamwa tiyi mu ofesi, iwo ankakhala okha m'kalasi, atagwada pakati pa milu yawo. Ndikaganiza za mbusa uja wosiya gulu lonse m'thengo chifukwa cha nkhosa imodzi, ndimadzifunsa ngati abusa anzake ankamukonda. Ndikukayika.

Atapuma pantchito sanasiye kudula nsungwi. Chaka ndi chaka makatoni awiri ankafika, poyamba pa njinga, pambuyo pake, mawondo atayamba kukana, pa mutu wa aliyense amene anapezeka akulowera kusukulu. Koma pasukulu panali patasintha. Kunabwera aphunzitsi atsopano ndi mabuku atsopano, ndipo masiku ano ana aang'ono ali ndi nthawi yawo yodina matabuleti. Ine ndinali nditasamukira ku Sitandade 7. Makatoni a a Ndau ankalandiridwa ndi manja awiri, ndi zikomo wambiri, n'kuikidwa kuseri kwa chitseko cha ofesi.

M'mawa wina ndinadutsa kumene amayi amaphikira ana phala, ndipo ndinapeza akukolezera moto ndi mitolo ija. Nsungwi youma imayaka msanga. Sindinawaletse. Sindinawauzenso a Ndau. Lamulungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi ankandigwira mkono n'kundifunsa ngati mitolo ikukwanira, ine n'kumayankha kuti ikukwanira. Bodza limeneli ndinalinena zaka zinayi. Ndinaliulula kwa ansembe, koma kwa mwini wake ayi.

Funso lawo lachiwiri, asanandisiye mkono, linali limodzimodzi nthawi zonse: ngati ndamvapo chilichonse za Felista.

Nkhani ya Felista inachitika adakali pantchito. Chaka chimenecho Sitandade 4 inali yogawidwa pawiri, theka kwa a Ndau, theka kwa ine, koma fomu ya zotsatira inali imodzi, ndipo osaina anali iwo monga wamkulu. Felista anali wa kwanga. Anali mtsikana wamtali, wachete, wokhala kumbuyo kwenikweni, ndipo ankabwereza kalasiyo. Bambo ake anali atamwalira. Iye ndi amayi ake ankasungidwa ndi malume ake, a Layitoni, mlimi wa anyezi amene ankagulitsa ku Lizulu. Tsiku loti mawa kuli msika Felista sankaoneka kusukulu, ankatandala kudimba akumanga mitolo ya anyezi. A Layitoni anali atanena poyera pamsonkhano wa makolo kuti mwanayo akalepheranso, sukulu yathera pomwepo, dimba likumudikira. Koma akakhoza, iwo sadzamuletsa.

Analephera. Maphunziro ena anachita bwino ndithu, koma masamu anamugwetsa, ndipo malikisi onse pamodzi sanafike poti n'kukwera Sitandade 5. Pepala lake ndinachonga ndine, ndipo silinanditengere mphindi ziwiri. Mitanda khumi ndi iwiri, motsatizana ngati manda.

Lachitatu la sabata yotsekera, a Ndau anabwera kudzapempha mapepala a olephera a kwanga. Ndinawapatsa mtima ukuwawa. Masana, ana ataweruka, anandiitana. Ndinawapeza atagwada pa simenti, pepala la Felista lili m'manja.

"Aphunzitsi, mwana uyu walakwa kangati?"

"Mitanda mukuiona. Khumi ndi iwiri."

"Ine ndikuona kamodzi."

Anandisonyeza ndi chala. Pa 52 kuchotsa 17 analemba 45. Pa 43 kuchotsa 28 analemba 25. Pa 61 kuchotsa 35 analemba 34. Paliponse pamene nambala ya pamwamba inali yochepa, Felista ankangotembenuza, n'kuchotsa yaing'ono ku yaikulu. Pamene panalibe vuto limenelo sanaphonye ngakhale kamodzi.

"Mwanayu masamu amawadziwa," anatero a Ndau. "Pali chinthu chimodzi chimene akukana kuchita, ndipo ndikufuna ndidziwe chifukwa chake."

Lachinayi m'mawa kunali chifunga, kuzizira kwa mu Julaye kwa kumapiri kuno. Anamuitanira Felista m'kalasi mwawo, ine ndili pomwepo. Anamuikira patsogolo mitolo isanu ndi timitengo tiwiri.

"Ndi zingati izi, mwanawe?"

"Fifite thu."

"Undipatseko seventini."

Felista anawapatsa mtolo umodzi, anawapatsanso timitengo tiwiri tija, n'kupinda manja.

"Izi ndi thwelofu. Zatsala faifi."

"Zatha, aphunzitsi."

"Zatha bwanji? Nanga iyo?" Analoza mitolo inayi imene inatsala.

"Ndi yomanga kale."

"Masula umodzi."

Mwanayo anayang'ana pansi. Ndinaona zala zake zong'ambika ndi luzi zikufinyana.

"Samasula," anatero motsitsa.

"Anakuuza ndani?"

"Malume. Mtolo ukamangidwa wamangidwa. Womasula ndi wakuba, amafuna asololemo anyezi."

"Unayamba wamasulapo?"

"Kamodzi. Unali wosalimba, ndimafuna ndiumange bwino."

Sitinamufunse chimene chinatsatira.

Ine ndinali nditatengera mawu a a Ndau, koma timitengo tawo ndinkaona ngati kutaya nthawi. Ndinkangoima pa bolodi n'kumakuwa kuti tapambali tikachepa masulani mtolo, ana n'kumavomera onse pamodzi. Zaka ziwiri mwana ameneyu anakhala kumbuyo kwa kalasi yanga akundimva ndikulamula chinthu chimene kwawo ndi kuba. Sanandinene, sanandifunse. Anangodzipezera njira yake yochotsera popanda kumasula kanthu.

A Ndau anatola mtolo umodzi n'kumuika m'manja.

"Nsungwi iyi ndinadula ndine. Luzi ndinasenda ndine. Womanga ndine. Mwini wake ndine, ndipo ndikukuuza kuti masula. Wina akakufunsa udzati a Ndau anandituma."

Anamasula pang'onopang'ono, ndi zikhadabo, ngati munthu wotsegula chitseko cha eni ake. Timitengo khumi tinamwazika pa simenti. Anawerenga tisanu n'kupereka. Kenako anayang'ana zotsala, mitolo itatu ndi timitengo tisanu, ndipo ananena yekha asanafunsidwe.

"Sate faifi."

Ndinakumbukira munthu uja amene anaitanidwa kutuluka m'manda, natuluka ali womangidwa nsalu manja ndi miyendo. Moyo anali nawo kale. Chimene chinatsala n'chakuti oima pafupi amumasule. Ine ndinali woima pafupi, ndipo m'manja mwanga munali cholembera chofiira.

Felista atatuluka ndinagwada kutolera timitengo tija kuti ndimange. A Ndau anandigwira dzanja.

"Usiyeni mtolo umenewo."

Anatitenga pamodzi ndi luzi lake n'kuika m'thumba la malaya.

Tinapita kwa ahedi. A Ndau sanazungulire.

"Mwanayu alembenso."

"Sizingatheke, a Ndau. Anzake olephera makolo awo adzati chiyani?"

"Onse a mulu umenewu alembenso. Alipo khumi ndi mmodzi, a kwanga ndi a kwa anzangawa. Mundipatse masiku awiri ndiwaphunzitse. Mafunso mukonze nokha, muyang'anirenso nokha."

"Mawa tikutseka. Fomu ikupita mawa."

"Ipita yopanda dzina langa."

"Ndiye asaina aphunzitsi aang'onowa."

Onse awiri anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana nsapato zanga. Sindibisa: akanandipatsa cholembera ndikanasaina. Koma a Ndau sanadikire kuti aone chimene ndichite. Anatenga fomuyo patebulo, anaipinda kawiri, anaiika m'thumba la mkati la jekete, n'kutuluka. Ahedi anakhala pansi atagwira mutu.

Lachisanu makolo anadzaza pabwalo, pansi pa mitengo, monga zimakhalira pa tsiku lotseka. Zotsatira zinkawerengedwa kalasi ndi kalasi, kuyambira nambala wani, nthungululu zili mkati. Atamaliza Sitandade 3, ahedi analengeza kuti za Sitandade 4 zituluka Lachitatu likudzalo. Panali kung'ung'udza. Kenako a Layitoni anaimirira, chipewa chili m'manja.

"Aphunzitsi, ife tasiya ntchito kumadimba. Tiuzeni, mwana wanga wakhoza kapena walephera? Ngati walephera nenani, ndimutenge lero."

"Sanamalize kulemba," anayankha a Ndau.

"Anzake anamaliza bwanji? Kapena mukufuna kumukhozetsa chakuseri kuti ndioneke wabodza?"

Apa ndi pamene a Ndau analakwa, ndipo ndiyenera kulemba chifukwa ndinalonjeza kusawadzoza. Malemba amatiuza kuti mbale wako akalakwa uyambe wamuitanira pambali, muli awiri. Iwo anayankhira pa bwalo, mokweza, ana ndi makolo akumva.

"Mwanayo akanakhoza chaka chatha. Munamumanga manja ndinu, a Layitoni, ndi anyezi anuwo. Mwana wamasiye mumamuyesa wakuba."

Amayi ake a Felista anaphimba nkhope ndi chitenje. A Layitoni, munthu amene anatola mlongo wake ndi mwana pamene panalibe wina wowatola, anavala chipewa.

"Mwandinena pamaso pa anthu. Mawu anga aja sindibweza, akakhoza apitirize. Koma inu ndi ine tathana lero."

Lolemba ndi Lachiwiri a Ndau anaphunzitsa ana khumi ndi mmodzi aja m'sukulu yopanda anthu. Ine ndinapita kukathandiza, ndipo aka kanali koyamba kuti ndikhale pansi pa simenti ndi ana. Lachitatu analemba mafunso a ahedi, ahedi eni ake akuyang'anira. Asanu ndi atatu anakhoza. Felista anaphonya funso limodzi lokha. Fomu inapita mochedwa ndi masiku asanu, ndipo a Ndau analandira kalata yowachenjeza. Teremu yotsatira anachotsedwa ku Sitandade 4 n'kupatsidwa Sitandade 1, pansi pa mtengo, kumene kulibe fomu yoti n'kuichedwetsa kwambiri. Anakhala kumeneko mpaka anapuma. Sanadandaule, koma mu ofesi anasiyiratu kulowa.

Felista anakwera Sitandade 5. Chakacho chisanathe amayi ake anakwatiwanso, nasamuka naye kupita cha ku Balaka. A Ndau sanamvenso za iye.

Munthu amene moyo wake wonse ankatsata samu kuchokera pamwamba mpaka pansi, iyi yokha sanaione mapeto ake, ndipo inkawadya. Ankaopa kuti mwina kumeneko mwanayo anasiya sukulu mwezi womwewo, n'kukwatiwa, ndipo zonse zija zinali kungomuchititsa manyazi pa bwalo. Miyendo idakali yolimba ankapalasa njinga mpaka ku Lizulu pa tsiku la msika, osagula kanthu, kungofunsa amayi obwera kudzapikula anyezi kuchokera ku Balaka ngati akudziwa mtsikana wamtali dzina lake Felista. Ena ankawaseka. Ena ankati ku Balaka a Felista ndi ambiri, agogo.

Chonsecho nyumba ya a Layitoni inali mtunda wa theka la ola kuchokera kwawo. Ankapemphera tchalitchi chimodzi, wina mbali iyi, wina mbali iyo, ndipo ankafola mzere umodzi kupita ku gome la Ambuye. Tsiku lina ndinalimba mtima.

"Aphunzitsi, bwanji osangopita kwa a Layitoni? Mwana ndi wawo, sangalephere kudziwa."

"Ndikapita ndiyenera kuyamba ndi kupepesa. Ndipepese chiyani? Zimene ndinanena zinali zoona."

"Yankho linali loona. Koma inu munkatiphunzitsa kuti tisamangoyang'ana yankho."

Ndinaganiza kuti andikalipira.

"Pamene pali kadontho kanga ndikupadziwa, aphunzitsi," anatero. "Simukufunika kundilozera."

Koma sanapite. Inenso sindinapite, ngakhale njirayo ndimaidziwa. Ndinkati ndi nkhani ya akuluakulu.

Lachiwiri lija, adzukulu atamaliza kuundira manda, anthu akubalalika, ndinaona mkulu wina wa ndodo ataima payekha pafupi ndi mtengo, chipewa chili m'manja. Anali a Layitoni, okalamba tsopano, diso limodzi litachita ng'ala. Ndinapita kukawapatsa moni.

"Mwabwera, a Layitoni."

"Ndabwera. Munthu tinkapemphera naye."

Tinayenda limodzi pang'ono. Funso lija, limene ndinalimva Lamulungu lililonse kwa zaka zambiri, linatuluka lokha pakamwa panga.

"Kodi za Felista mumamvako?"

"Ali ku Balaka konko. Anafika Fomu 4. Ali ndi makina atatu, amasoka mayunifolomu a ana a sukulu. Ana ake awiri ali pasukulu."

"Mwamva liti zimenezi?"

"Kuyambira kale. Mwezi sutha asanaimbe foni."

Tinayendanso pang'ono. Ndodo yawo inkagunda miyala.

"Anandituma moni kwa aMitolo," anatero osandiyang'ana. "Kawiri. Ulendo wachiwiri anati ndikawauze kuti sukulu anamaliza."

"Munawauza?"

"Ndinkadikira kuti abwere adzafunse."

Anapukuta diso labwinolo ndi chipewa, n'kunena kuti fumbi la chaka chino lanyanya. Pamphambano anakhotera kwawo, ine kwathu.

Sindine woweruza wa akulu awiriwa. Ndimakhulupirira kuti Iye amene adzatsegula makope athu tonse sachonga ngati mmene ndinkachongera ine. Adzaphimba yankho ndi chala, n'kuyamba kuchokera pamwamba, ndipo adzaona pamene aliyense wa ife anasiyira njira, ndi chifukwa chake. Ndimakhulupiriranso kuti wofesa ndi wokolola adzakondwera limodzi tsiku lina. Koma pansi pano, uthenga wa mawu awiri unakhala zaka m'nyumba ya theka la ola, ndipo panalibe wounyamula.

Loweruka ndinapita kunyumba kwawo. Achibale anali atabwerera kutsidya, pachitseko pali loko. Pakhonde sipanasesedwe. Zopalapala za nsungwi mphepo inali itaziunjika pakona, ndipo nkhuku ya eni ake inkapalasa pamenepo. Katoni imodzi inali yodzaza, yomangidwa kale ndi chingwe kudikira woinyamula. Ina inali theka. Pakhoma, pa msomali, panapachikidwa kajumbo ka shuga kakale. Ndinakatsitsa. Munali timitengo khumi todetsedwa ndi zaka, ndi luzi louma lopindika, losamanga kanthu.

Ndinakabwezera pa msomali. Ndinaima pamenepo, ndipo poti panalibe wondimva, ndinanena mokweza monga wotumidwa amanenera.

"Aphunzitsi, Felista akupereka moni. Sukulu anamaliza."

Kajumbo kanagwedezeka ndi mphepo. Kampando kachikopa kanali pamalo pake, miyendo yake italowa m'timaenje timene inakumba pa dothi la khondelo. Zaka zonsezi ndinkabwera pakhomopa, koma ndinali ndisanaonepo kumene kanayang'ana. Sikanayang'ane kumsewu, kapena kusukulu. Kanayang'ana kanjira kotsikira kumadimba, kochokera kwa a Layitoni.